Wotchi ya agogo yandiuza yokha chaka chake

Mwezi wathawu amayi anandiitanira kuchipinda kwawo nkutulutsa mu dirowa kanthu kokulunga mu hanki yoyera. "Tenga iwe, ndiwe umakonda tinthu takale. Ndi ya agogo ako iyi, anagula chaka cha ukwati wawo, 1962. Ikangokhala muno ichita dzimbiri." Agogo aamunawa anatisiya ndili wamng'ono ndithu, nkhope yawo ndimaidziwira pa zithunzi, koma mkono wawo ndimaukumbukira bwinobwino, wotchi yachitsulo ikusewera pa mkono wowonda uja akamandinyamula. Nde mutha kumvetsa kuti nditafutukula hankiyo ndinakhala kaye chete.

Ndi Seiko. Nkhope yake ndi yasiliva koma m'mbalimu yayamba kuoneka ngati yachikasu pang'ono, galasi lokandikakandika, pansi pa dzinalo pali kachishango kolembedwa 5, cha kumunsi analemba AUTOMATIC 21 JEWELS. Pomwe pamakhala 3 koloko pali kawindo koonetsa tsiku ndi deti pamodzi, ndipo kabatani kosinthira nthawi sikali pakati ngati mawotchi ambiri ayi, kali cha pa 4 koloko, kolowa mkati moti ndi chala umachita kukasakasaka.

Chomwe chinandidzidzimutsa nchoti ndili mkati moitembenuzatembenuza m'manja ndinangoona muvi wa masekondi wayamba kuyenda. Wotchi yoti yagona mu dirowa zaka zoposa khumi. Amayi anagwira pakamwa. Ndinaiika pakhutu ndipo imamveka kugunda mofulumira, tiki tiki tiki, muvi ukuyenda motsetsereka osati modumpha kamodzi pa sekondi ngati mawotchi a batire aja. Panthawiyo sindimadziwa kuti zikutheka bwanji, pano ndikudziwa. Mkati mwake muli kachitsulo kolemera kooneka ngati theka la mwezi komwe kamazungulira nthawi iliyonse mkono ukasuntha, kakamazungulira kamakunga sipuling'i, sipuling'iyo nde imayendetsa magiya onse. A Seiko anapanga kanjira kawo mu 1959 kotchedwa Magic Lever, kachitsulo kaja kaya kazungulire kumanja kaya kumanzere sipuling'i imakungika basi, nchifukwa chake ma Seiko akalewa sachedwa kudzuka ukangowagwedeza.

Ine cholinga changa poyamba chinali chongofuna kudziwa dzina lake lenileni kuti ndikapita kwa okonza ndisakaoneke wosadziwa chomwe ndanyamula. Za chaka sindimakayikira olo pang'ono, nanga si banja lonse limati 1962. Ndinatembenuza, nkupukuta chivundikiro cha kumbuyo ndi kansalu kouma, nkujambula ndi foni pafupi ndi windo kenako nkuzuma. Langizo loyamba ndi limeneli abale, musavutike ndi kutsinzinira maso, jambulani powala bwino muzume, tizilembo timene maso sakutiona foni imationa.

Kumbuyoko kuli manambala a mitundu iwiri ndipo anthu ambiri amawasokoneza. Pali ina ya manambala anayi, kamzere, kenako anayi enanso. Yanga ikuyamba ndi 6119. Anayi oyambawo ndi dzina la injini yomwe ili mkati, anayi achiwiriwo ndi mtundu wa chikesi chake. Ndiye pali nambala ina payokha ya manambala sikisi, imeneyo nde siriyo namba, ndipo pa Seiko siriyo namba imawerengeka mosavuta kwambiri mukangodziwa chinsinsi chake. Nambala yoyamba ndi nambala yomaliza ya chaka chomwe inapangidwa. Yachiwiri ndi mwezi, 1 ndi Januwale mpaka 9 Seputembala, kenako poti malo ndi amodzi okha miyezi itatu yotsalayo amailemba ndi zilembo, O ndi Okutobala, N Novembala, D Disembala. Zinayi zotsalazo ndi zongowerengera mawotchi omwe atuluka, sizikukhudza deti.

Yanga ikuyamba ndi 2 kenako 3. Nditaona 2 uja mtima unadumpha, ndinati eya, Malichi 1962, ndendende zomwe amayi ananena, mpaka ndinatumiza uthenga pa gulu la WhatsApp la banja kuti wotchi yavomereza. Ndinafulumira.

Vuto la kawerengedwe ka Seiko nloti nambala imodzi ija sikuuza kuti ndi zaka za m'ma chani. 2 atha kukhala 1962, 1972, 1982, 1992, onsewo amalembedwa chimodzimodzi. Kuti udziwe uyenera kufunsa injini, chifukwa injini iliyonse ili ndi zaka zake zomwe inkapangidwa. Nde nditayamba kufufuza za 6119 zinthu zinayamba kusemphana chimodzichimodzi. Choyamba, Seiko 5 yeniyeniyo inayamba mu 1963, ndi wotchi yotchedwa Sportsmatic 5. Ndiye kuti mu 1962 kunalibe wotchi ina iliyonse padziko yokhala ndi kachishango ka 5 kaja. Pamenepa pokha nkhani inali itatha kale, koma ine sindinafune kuvomera msanga, ndinapitiriza kusaka mwina pena pake pandithandiza. Chachiwiri, injini ya 6119 inayamba kutuluka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo pofika kumapeto kwa m'ma 1970 malo ake anali atatengedwa ndi ina yotchedwa 6309. Ndiye 1962 yagwa, 1982 yagwanso. Chachitatu, ma Seiko a kumayambiriro kwa m'ma 1960 siriyo namba yawo imakhala ya manambala seveni, ya sikisiyi inabwera chakumapeto kwa zaka zimenezo. Ndipo chomaliza chomwe chinandimaliza ndi mawu awiri omwe ali pa chivundikiro, WATER RESISTANT. Akale ankalemba WATER PROOF, anasintha cha m'ma 1970 chifukwa malamulo a zamalonda, makamaka ku America, anayamba kukana kuti wotchi izitchedwa yosalowa madzi mpang'ono pomwe pamene palibe wotchi yotero.

Mboni zinayi, zonse zikuloza kumodzi. Malichi 1972. Zaka khumi zathunthu ukwati utachitika kale.

Ndikuuzeni zoona, zinandipweteka. Sikuti wotchiyo inatsika mtengo m'maso mwanga ayi, koma ndinamva ngati ndikukalanda amayi chinthu chomwe akhala nacho mumtima zaka zonsezi. Ndinakhala masiku angapo osanena kanthu pa gulu paja.

M'masiku amenewo nde ndinayamba kuikayikira wotchi yomwe, kuti mwina chivundikirochi si chake. Ndipo kukayika kumeneku nkoyenera, aliyense wofufuza wotchi yakale azikhala nako, chifukwa siriyo namba ya Seiko ili pa chivundikiro chokha, ndipo chivundikiro ndi chinthu choti munthu atha kuchotsa pa wotchi ina nkumanga pa ina. Pa intaneti pali mawotchi ambirimbiri ochita kulumikiza, injini ya uku, chikesi cha uko, nkhope yopentanso mitundu yowala yomwe fakitale sinatulutsepo, anthu okonda mawotchi amawatcha ma Mumbai special chifukwa ambiri amachokera ku India. Ya agogoyi sinachokere pa intaneti, koma pa zaka makumi asanu wokonza wina atha kusintha chinthu osauza mwini wake. Njira yoonera ndi iyi. Yang'anani pansi penipeni pa nkhope, kunsi kwa 6 koloko, pali tizilembo ting'onoting'ono kwambiri. Panga palembedwa JAPAN kenako 6119 ndi manambala ena a mtundu wa nkhopeyo. Ndiye kuti nkhope ndi chivundikiro zikugwirizana. Chotsala chinali kuona injini yeniyeniyo ndi maso.

Pa nkhope pomwepo palinso kachizindikiro kena kakang'ono kooneka ngati kamvuluvulu, ndipo kumbuyo kaliponso. Poyamba ndinkayesa nkokongoletsa chabe. Kani ndi sayini ya fakitale. Nthawi imeneyo Seiko inali ndi mafakitale awiri opanga mawotchi a pamkono omwe ankapikisana okhaokha ngakhale anali a banja limodzi, Suwa Seikosha ya ku Nagano ndi Daini Seikosha ya ku Tokyo. A Suwa ankaika kamvuluvuluka, a Daini ankaika kooneka ngati mphezi. Injini zoyamba ndi 61 ndi za Suwa, nde apanso zinagwirizana, mukapeza 6119 yokhala ndi kamphezi dziwani kuti pali wina anaseweretsapo manja. Chomwe chinandigwira mtima nchoti Suwa yomweyo ndi imene inatulutsa Astron pa 25 Disembala 1969, wotchi ya pamkono yoyamba ya quartz, mtundu wa mawotchi a batire aja, kugulitsidwa padziko lonse. Tangoganizani, pomwe ankamanga wotchi ya agogoyi mu 1972, kampani yomweyo inali itayamba kale kupanga mtundu wa mawotchi womwe unadzatsala pang'ono kupha mawotchi a sipuling'i onse. Suwa Seikosha ija pambuyo pake inadzakhala Seiko Epson, a maprinta aja.

Kutsegula sindinayerekeze ndekha, ndipo chonde inunso musayerekeze ndi mpeni kapena sizasi. Chivundikiro cha mtundu umenewu nchomanga ngati nati, chili ndi timipata tomwe chida chake chimakolamo, chida chikaterereka mwakanda chitsulo ndipo nthawi zambiri chimakandika pomwe pali manambala ofunika paja. Wokonza woyamba amene ndinamuonetsa sanaiyang'ane nkomwe bwinobwino, anangoti injini zakalezi nzovuta, achotse aikemo ya batire, apukute chikesi pa makina chiwale, nkhope aipentenso. Ndinangotenga wotchi yanga nkuibweza mu hanki. Abale, kupukuta pa makina kumadya chitsulo, makona akuthwa omwe fakitale inapanga amasanduka obulungira ndipo sabwereranso, nkhope yopentanso siikhalanso ya 1972, ndipo mukachotsa injini mwatsala ndi chigoba chabe. Zokandika zili pa chikesichi anazikanda ndi agogo anga, pogwira ntchito zawo, ine ndizichotserenji.

Wachiwiri anali bambo wachikulire amene wakonza mawotchi moyo wake wonse. Iwowa anayamba aiika kaye pakhutu, kenako galasi lawo lija pa diso, nkumasula chivundikiro pang'onopang'ono. "Bwera uone mwana wanga," nkundipatsa galasilo. Pa injinipo panalembedwa 6119C, dzimbiri palibe, kachitsulo ka theka la mwezi kaja kali ndi dzina la Seiko. Zonse zitatu, nkhope, chivundikiro, injini, nzapamodzi. Koma chomwe sindinayembekezere chinali mkati mwa chivundikirocho. Muli tizilembo tochita kukanda ndi nsonga ya chitsulo, ta manja a anthu awiri osiyana, pena 11/79 pena 86 ndi zilembo ziwiri. Anandifotokozera kuti okonza mawotchi akale akamaliza sevisi ankasiya chizindikiro chawo ndi deti mkatimo, kuti wotchi ikadzabweranso adzadziwe kuti anaigwirapo liti. Ndiye kuti agogo ankaisamala, anaipititsa ku sevisi kosachepera kawiri. Ndipo onani, palibe deti ina iliyonse ya m'ma 1960 m'menemo.

Bambowa anandiuzanso zinthu zingapo zomwe ndikufuna ndikupatsireni chifukwa ine ndinali nditalakwitsapo kale chimodzi. Wotchi yoti yakhala zaka osayenda musaivale tsiku ndi tsiku musanaipititse ku sevisi olo ikuyenda bwino, mafuta a mkati amakhala atauma ndipo tizitsulo timadyana touma. Ma jewel 21 aja si miyala ya mtengo wapatali yoti nkugulitsa, ndi timiyala ta ruby tochita kupanga tomwe nsonga za magiya zimazunguliramo kuti zisaperepeseke, ndipo nato timafuna kadontho ka mafuta. Madzi ayi, zolemba kumbuyo zija zinali zoona mu 1972, timalabala totchinga madzi pano tinauma kalekale. Komanso deti osaisintha mivi ili pakati pa 9 koloko usiku ndi 3 koloko m'bandakucha, nthawi imeneyo magiya osintha tsiku amakhala atakolana kale, mukakakamiza muthyola dzino. Pa 6119 deti imasintha ukadina kabatani kaja mkati, ine ndinakhala ndikudina mosangalala usiku wina osayang'ana nkomwe kuti mivi ili pati, mwamwayi sichinathyoke kanthu.

Lamba yekha nde si wake. Ndi wachitsulo wotamuka uja, alibe dzina la Seiko pena paliponse. Izi nzachizolowezi, malamba ndi magalasi amatha msanga ndipo amasinthidwa, nchifukwa chake simungadalire lamba pofuna kudziwa chaka. Koma ndamusiya momwemo poti ndi amene ndimamukumbukira pa mkono paja.

Kwa amene mwasiyiridwa mtundu wina, kawerengedwe kamasiyana. Citizen yakale imafanana pang'ono ndi Seiko, nambala yoyamba ndi chaka, koma mwezi umatenga manambala awiri otsatira. Omega yakale siriyo namba yake ili pa injini mkati, mpaka itsegulidwe. Rolex yakale ili pa chikesi pakati pa tinyanga togwira lamba mbali ya 6 koloko, mpaka muchotse lamba. Pa mawotchi a ku Switzerland mukaona T SWISS MADE T pansi pa nkhope ndiye kuti utoto wowala mumdima wa pa mivi uja ndi wa tritium, yomwe inalowa m'malo mwa radium m'zaka za m'ma 1960, nde zimakupatsani kale chithunzi cha zaka zake. Ndipo ngati yanuyo ndi yakale kuposa pamenepo, mivi yake ili ndi utoto wabulauni wofumbutuka, chonde musaitsegule nokha kapena kupalapala, utoto wa radium umasiya kuwala koma mphamvu yake yoopsa ku thanzi siitha msanga, theka lake lokha limatenga zaka pafupifupi 1600.

Tibwerere kunyumba. Nditatsimikiza zonse ndinaimbira amalume, achimwene awo a amayi, poti iwo ndi amene amaikakamira kwambiri nkhani ya 1962. Sanafune kumva. "Iwe, wotchi imeneyo ine ndakula ndikuiona. M'mawa uliwonse bambo amakhala pa bedi nkumaiwayinda, ndili kamwana ndisanayambe sukulu, mpaka tsiku lina anandilola ndipotokole ndekha. Za pa intaneti zakozo zisakunamize."

Atangoti kuwayinda ndinachita kuimirira. Chifukwa 6119 siwayindika ndi dzanja. Kabatani kake mutha kukapotokola tsiku lonse sipuling'i siikungika, kali ndi ntchito yosintha nthawi ndi deti basi, nchifukwa chake anakabisa pa 4 koloko paja poti sikofunika kukagwiragwira. Wotchi iyi ikaima umachita kuigwedeza. Ndiye amalume sakunama, ndipo wotchi siikunama. Zomwe akukumbukira zinachitikadi, koma wotchi yake si iyi.

Ndinapempha amayi chithunzi cha ukwati chija, chakuda ndi choyera, chomwe chakhala mu alubamu moyo wanga wonse koma sindinayambe ndayang'anapo pa mkono. Ndinachijambula ndi foni nkuzuma mpaka chinayamba kuoneka madonthomadontho. Jekete yakwera pang'ono pa mkono wamanzere ndipo wotchi ikuoneka. Ndi yaing'ono, yopyapyala, lamba wake wakuda, ndipo kabatani kake katuluka poyera pa 3 koloko. Kawindo ka deti sikakuoneka. Dzina silikuwerengeka, koma Seiko 5 si imeneyo, olo mwana atha kusiyanitsa.

Mawotchi anali awiri. Ina ya ukwati, yowayinda ndi dzanja, yomwe amalume anaipotokola ali kamwana. Ina iyi, yomwe inatuluka mu fakitale ya Suwa mu Malichi 1972 ndipo inakhala pa mkono wa agogo mpaka kumapeto. Kwinakwake m'zaka zimenezi nkhani ya yoyamba inasamukira pa yachiwiri, ndipo sizodabwitsa, amayi anabadwa yachiwiriyi ili pafupi kubwera, iwo wotchi ya bambo awo yomwe anaidziwa ndi imodzi yokha.

Apa pokha ndiyenera kusamala, ndipo inunso samalani mukamawerenga yanu. Siriyo namba imanena mwezi womwe wotchi inapangidwa, siinena tsiku lomwe inagulidwa. Wotchi itha kutha miyezi panjira, itha kugona mu shopu chaka kapena ziwiri, munthu athanso kuigula kwa mnzake itagwira kale ntchito. Chomwe ndinganene molimba mtima nchoti agogo sakanakhala nayo Malichi 1972 asanafike, ndipo pofika Novembala 1979 inali itayenda mokwanira kufuna sevisi. Amayi atamva zimenezi anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ndi pomwe agogo anakwezedwa pa ntchito, mwina anadzigulira pamenepo. Mwina. Ine ndalemba mu kope kuti amayi akuganiza choncho, pambali pa zomwe wotchi yanena yokha, sindinaziphatikize.

Kope limenelo ndalembamo zonse, manambala a kumbuyo, a pa nkhope, a pa injini, madeti a okonza aja, ndi deti ya sevisi ya chaka chino yomwe bambo aja anandifunsa kaye ngati ndikulola kuti nawonso akande chizindikiro chawo mkati mwa chivundikiro. Ndinalola. Anaitsuka, anathira mafuta atsopano, anasintha timalabala, galasi anangolipukuta ndi dzanja poti ndi lapulasitiki ndipo zokandika zosazama zimachoka. Chikesi ndi nkhope sanazigwire. Pano ikuthamanga pafupifupi theka la miniti pa tsiku, kwa wotchi ya sipuling'i ya msinkhu umenewu ine ndakhutira, ndimaikonza Lamlungu lililonse kawindo kaja kakaonetsa SUN wofiira.

Amalume ndinawatumizira chithunzi chozuma chija. Anakhala tsiku lonse osayankha, madzulo nde anaimba. "Lamba wake anali wachikopa," anatero, mawu ali pansipansi. "Ankanunkha thukuta. Ndakumbuka tsopano, galasi lake linasweka, bambo anaiika mu kabokosi ka malata." Ndinawafunsa kuti kabokosiko kanapita kuti, anati mwina mu sutikesi yakale yomwe ili kwa amayi aang'ono, yomwe palibe anaitsegulapo chimwalirire agogo aakazi.

Amayi aang'ono alonjeza kuti ayang'ana kumapeto kwa sabata ino. Ndawapempha kuti akaipeza asaipukute, asaiwayinde, asayese kuitsegula, angoiika pafupi ndi windo ajambule kutsogolo ndi kumbuyo anditumizire.